Ndemanga pa kampani imene inapenta denga lathu la sileti ku Manchester

Ndadikira kuti nyengo yachisanu idutse kawiri ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndinkafuna kuona mmene pentiyo akhalire padenga. Nyumba yathu ndi imodzi mwa nyumba zija zolumikizana, za njerwa zofiira, zomangidwa cha m'ma 1900, ndipo denga lake ndi la sileti (miyala yopyapyala yofolerera nyumba) amene anali atachita ndere kwambiri mbali ya kumpoto. Tinalipira mapaundi 2,300 kuti atsuke, apopere mankhwala opha ndere ndi kupaka penti kawiri, nsanja zokwerera zili momwemo.

Bambo amene anatitsatsa ntchitoyi anagogoda pakhomo Loweruka masana, ndipo mpaka lero ndidakali nawo chakukhosi. Sanakwere padenga, sanapemphe kuona mkati mwa denga, anangoima pamsewu n'kumaloza ndi cholembera, akunena kuti sileti wathu wayamba kumwa madzi ndipo tikazengereza tidzafolera nyumba yonse mwatsopano. Anatifulumizitsa kusaina tsiku lomwelo osatchula ngakhale pang'ono za masiku 14 amene lamulo la kuno limapatsa munthu kuti asinthe maganizo akagula chinthu pakhomo pake.

Tsiku loyamba la ntchito kunabwera anyamata awiri ndi makina opopera madzi mwamphamvu. Anayamba kutsuka ataima kumunsi, madzi akulowera m'mwamba, kutanthauza kuti ankawakankhira pansi pa sileti aliyense pamalo pamene amasanjikizana. Patangotha ola limodzi, mayi a kunyumba anandiitana kuti ndidzamve phokoso la madzi pamwamba pa chipinda cha ana. Nditakwera mkati mwa denga ndinapeza madzi akutsika m'mitengo ngati kuti mvula ikugwera m'nyumba. Madenga a zaka zimenezo alibe chinsalu chotchinga madzi chimene amayala pansi pa sileti masiku ano. Ali ndi matope a laimu okha omatidwa kunsi, ndipo matopewo anali akugumuka n'kugwa m'zibuma. Munthu wodziwa ntchito akanaona zimenezi m'mphindi ziwiri akanangosuzumira ndi tochi. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'menemo ndi mmene tinkasunga makatoni a zovala, mabulangete ndi mabuku a sukulu amene tinasonkhanitsa chaka chonse kuti titumize kwa amayi ku Dedza. Makatoni anayi ananyoweratu, mabuku anafufuma, ndipo siling'i ya ana inachita banga lalikulu lachikasu. Panja, masileti atatu anali atagwa n'kusweka kuseri kwa nyumba, pamalo pamene ana amasewera. Nditaimba foni ku ofesi, mayi amene anayankha anandiuza kuti denga liyenera kuti linkadontha kale, denga limene takhalamo zaka 9 osaikapo ndowa ngakhale kamodzi.

Maganizo anga anayamba kusintha Lachitatu, atabwera akapitawo awo, bambo achikulire amene ndinaona kuti manja awo anakulira padenga. Analowa mkati mwa denga, anaona okha, ndipo anapepesa asanayambe kufotokoza chilichonse. Anandionetsa chidutswa cha sileti n'kunena kuti mtundu wake wapepo ukusonyeza kuti ndi wa ku Penrhyn, kufupi ndi Bethesda kumpoto kwa Wales, mwala umene pafupifupi sumwa madzi n'komwe ndipo umatha zaka zoposa 100. Chimene chinali chitatopa ndi misomali yachitsulo imene dzimbiri linadya, n'chifukwa chake madzi amphamvu aja anasuntha masileti mosavuta. Analetsa makinawo, analamula anyamata kuti apale ndere ndi manja ndi burashi, ndipo iwo eni anasintha masileti 27, n'kuikapo akale ochokera ku nyumba zogumulidwa, omangidwa ndi timalamba ta mtovu. Pa zimenezi sanatilipitse kanthu. Anakananso kukhudza denga la galaja, ngakhale linali pa pepala limene tinasaina, chifukwa ndi la simenti wosakaniza ndi asibesito (tiulusi toopsa ku mapapo), amene analetsedwa kotheratu m'dziko muno mu 1999. Kulipopera mwamphamvu kukanamwaza tiulusi take pabwalo ndi m'ngalande. Anandiuzanso mosabisa kuti likanakhala denga lawo sakanalipenta, popeza penti salowerera m'mwala wotere, amangokhala pamwamba.

Tinapitirizabe, chifukwa theka la ndalama linali litapita ndipo denga linali lamawangamawanga. Anadikira milungu itatu kuti apeze masiku ouma, ndipo anapaka bwino osadonthezera mawindo kapena makoma a oyandikana nafe.

Lero mbali yoyang'ana kumsewu, imene imaombedwa ndi dzuwa, ikuoneka bwino ndithu, yotuwa mofanana ngati denga latsopano. Mbali ya kumpoto penti wayamba kusupuka m'mphepete mwa masileti, makamaka pafupi ndi chumuni, ndipo mtundu wapepo uja ukuonekera m'malo angapo, monga mmene akapitawo anachenjezera. Denga silidontha, koma ndikukhulupirira kuti chimene chikuteteza nyumba ndi masileti amene anasinthidwa aja. Siling'i anaikonza ndi ndalama zawo, koma za makatoni a amayi anakana kulipira ponena kuti tinayenera kuwachotsa, chinthu chimene palibe anatiuza.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo zikanakhala ziwiri pakanapanda akapitawo aja. Chitsimikizo cha zaka 10 chimene anatilembera chidakali pa pepala: ndatumiza zithunzi za mbali ya kumpoto katatu, ndipo ofesi ikungoyankha kuti adzabwera kukafunda. Ndawapempha kuti akadzatumiza munthu, adzatumize bambo omwe aja.