Pressure cooker yamagetsi ya malita 6: ndalama zake zimabwerera pa nyemba ndi mang'ina

Anthu ambiri akafuna kuchepetsa ndalama zogulira mayunitsi amayamba ndi kuzimitsa mababu ndi kudzudzula ana omwe asiya wailesi yakanema ikuyaka, koma chomwe chimadya magetsi kwambiri m'nyumba yopanda giza (chotenthetsera madzi osamba) ndi kuphika. Babu la LED la mawati 9 liyenera kuyaka maola oposa 100 kuti limalize yunitsi imodzi, pomwe mbaula yamagetsi ya mawati 1,500 ikayaka mosapuma kwa maola awiri imakhala itadya mayunitsi atatu. Nyemba zouma, makamaka zomwe zagonera chaka, sizipsa msanga, ndipo nchifukwa chake mabanja ambiri a m'tauni, ngakhale ali ndi magetsi, amaphikabe nyemba pamakala. Poto wamagetsi wophika ndi mphamvu ya nthunzi (pressure cooker) yemwe ndikumuwunika pano ndinamugula pofuna kuthana ndi vuto limeneli, ndipo maganizo anga ndi akuti pa ndiwo zolimba amachitadi zomwe ogulitsa amalonjeza, koma sangalowe m'malo mwa mbaula pa chilichonse.

Potoyu ndi wa malita 6 ndipo amakoka mawati 1,000, monga momwe alili ambiri omwe akupezeka m'masitolo a zipangizo zamagetsi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ali ndi chipoto chamkati chochotseka, chivindikiro chomwe chimatsekeka molimba ndi mkombero wa mphira, kabowo kotulutsira nthunzi komanso kopotokola koikira nthawi. Mu poto wamba madzi akangowira sapitirira kutentha, ngakhale musonkhezere moto motani, ndipo mphamvu yonse yowonjezerayo imathawa ndi nthunzi. Kumalo okwera zinthu zimavuta kwambiri, pakuti madzi omwe amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri pafupifupi 96 ku Lilongwe, ndipo ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo, choncho nyemba zimatenga nthawi yotalikirapo. Mu poto wotsekekayu nthunzi ilibe kothawira, kutentha kumakwera kupitirira madigiri 110, ndipo chakudya chimafewa mwachangu.

Chomwe chinandikhutiritsa kwambiri ndi momwe amagwiritsira ntchito magetsi. Potoyu sakoka mawati 1,000 nthawi yonse yomwe akuphika. Amakoka mwamphamvu poyamba pokha, mpaka nthunzi itadzaza, kenaka amazima yekha ndi kumangoyaka pang'ono apo ndi apo kuti kutentha kusatsike, ndipo popeza m'mbali mwake ndi motchingidwa bwino, kutenthako sikutayika msanga. Aliyense yemwe ali ndi mita yolipiriratu ya ESCOM angathe kudzionera yekha powerenga mayunitsi asanayambe kuphika ndi pomaliza, zipangizo zina zikuluzikulu zili zozimitsa. Kwathu nyemba zokwanira banja lonse, zikanyikidwa m'madzi usiku, zimapsa ola lisanathe ndipo sizimaliza yunitsi imodzi. Mang'ina, omwe kale ankatha tsiku lonse ali pamoto ndi kumaliza mulu wa makala, amafewa bwino mpaka mnofu kusiyana ndi fupa, ndipo nkhuku yachikuda, zamkati za ng'ombe, nzama, khobwe ndi nandolo wouma zonse zimapsa mofanana mpaka mkati. Mpunga wa Kilombero umatuluka bwino ngati madzi mwayeza mosamala, ngakhale fungo lake lija limamveka kwambiri ukaphikidwa mu poto wamba.

Pa nkhani ya madzi phindu lake ndi locheperapo, komabe lilipo. Yemwe anaphikapo nyemba pamakala akudziwa kuti madzi amaphwa kangapo ndipo umayenera kumathira ena, nthawi zina ozizira omwe amabwezanso kuphika m'mbuyo. Mu potoyu madzi omwe mwathira poyamba ndi omwewo mpaka kumapeto, ndipo msuzi wake umakhala wokoma chifukwa sunasungunulidwe. Kutsuka nakonso sikufuna madzi ambiri, popeza palibe mwaye wokwecha ndi mchenga kapena sitiliwulu. Kwa okhala mu Blantyre, komwe madzi ambiri amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kukwera mtunda wonse kufika mumzinda, ndowa iliyonse yomwe yapulumuka ndi ndalama ndithu. Sindinganene kuti bilu ya madzi idzatsika moonekera chifukwa cha poto yekhayu, pakuti mpopi wodontha kapena chimbudzi chotaya madzi usiku wonse zimawononga zochuluka kuposa zomwe iye angasunge.

Zofooka zake nazo nzoyenera kuzinena mosabisa, ndipo chachikulu ndi nsima. Ena amati amaphikiramo chivindikiro chili chotsegula, ndipo n'zotheka pa nsima ya anthu awiri kapena atatu, koma chipoto chamkati chilibe chogwirira, chimazungulira mukamavundula, ndipo utoto wake woletsa chakudya kukakamira suchedwa kukandika ngati mthiko uli wokhakhala. Masamba monga mpiru, bonongwe ndi nkhwani wotendera, komanso usipa, zimapsa mwachangu kale pamoto wamba, choncho kuziika m'menemu n'kungoziwononga. Poto ndi mmodzi, ndiye kuti banja limafunikabe moto wachiwiri pa chakudya chilichonse chamasana.

Kuzima kwa magetsi ndi vuto lina lomwe wogula m'Malawi sangalinyalanyaze. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira momwe zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi akazima nthunzi itadzaza kale, chakudya chimapitirira kupsa kwa kanthawi ngati simutsegula, ndipo kawirikawiri nyemba zimakhala zafewa mokwanira, koma akazima madzi asanawire mulibe kuchitira mwina koma kukoleza mbaula. Pa chifukwa chomwecho ndikulangiza kusankha poto wa kopotokola m'malo mwa wa mabatani ndi manambala owala, popeza wa kopotokola amapitiriza yekha magetsi akabwera, pomwe ena a mabatani amafuna kuti munthu awatcherenso, ndiponso ali ndi tizipangizo tambiri tomwe tingathe kupsa magetsi akabwera mwamphamvu.

Pogula, funsani ngati sitoloyo imagulitsanso mphira ya chivindikiro, chifukwa mphira ikatha nthunzi imatuluka m'mbali ndipo poto yense amasanduka wopanda ntchito. Komwe ndinagula ine analibe mphira yapadera ndipo wogulitsa sankadziwa komwe ingapezeke, zomwe ndikuona kuti ndi kulakwira makasitomala pa katundu wodula chotere. Onaninso pulagi, pakuti mapoto ochokera ku South Africa amabwera ndi ya mano obulungira yomwe silowa m'masoketi athu a mano atatu amakona, ndipo ndi bwino kuisinthitsa kwa wodziwa zamagetsi kusiyana ndi kudalira adaputala yotchipa yomwe imatentha. Kabuku ka malangizo kali m'Chingerezi chokha ndipo sikatchula ndiwo zathu, choncho yemwe amaphika pakhomo ayenera kufotokozeredwa bwino mfundo zotetezera moyo: nyemba zisapitirire theka la poto chifukwa zimachita thovu lomwe lingatseke kabowo ka nthunzi, chivindikiro chisakakamizidwe kutseguka nthunzi isanathe, ndipo nkhope ndi manja zitalikire kabowoko potulutsa nthunzi.

Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi mbaula yamagetsi ya mbale imodzi, ndipo umasinthasintha ndi mphamvu ya kwacha. Banja lomwe limadya nyemba kapena ndiwo zina zolimba kangapo pa sabata lidzaona thumba la makala likukhalitsa ndipo mayunitsi akufika kumapeto kwa mwezi, makamaka pano pomwe makala akwera mtengo ndipo lamulo la zankhalango lomwe linakhwimitsidwa mu 2020 limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Munthu wokhala yekha yemwe amadalira mazira, masamba ndi nsomba angachite bwino kuyamba wagula mababu a LED ndi kukonzetsa mipopi yodontha, poto uyu n'kudzamuganizira pambuyo pake.