Pulayala, sipanala kapena soketi: chomasulira nati ya voliyumu pa ampu ndi mikisa

Ampu kapena mikisa ikayamba kuchita khwekhwerere mukamakweza mawu, tonse timadziwa kuti voliyumu, kachipangizo kamene kali kuseri kwa batani lokwezera mawu, yadya fumbi kapena yatha. Kuisintha si ntchito yovuta. Pamene ambirife timaonongera katundu wa eni ake ndi poyambirira penipeni, pomasula kanati kaja kamene kamagwira voliyumu ku panelo. Makina ambiri amene amafika pa benchi kuno ku Zomba, a makwaya a ku Matawale, a mabandi a ku Chinamwali, a anyamata oimba pa maukwati ku Thondwe ndi ku Songani, mukangozula mabatani mumapeza penti itakalika mozungulira, manambala ena atafufutika. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ampu ya mpingo imagulidwa ndi ndalama zosonkherana, ndipo chipsera cha pa panelo sichichoka ngakhale mawu atabwerera bwino.

Nati imeneyi ndi yopyapyala kwambiri, pafupifupi mamilimita 2 basi, ndipo mazinga ake ndi ang'onoang'ono. Pakati pake pamatuluka shafuti, ndodo yaitali yovekapo batani, imene imatchinga chitsulo chilichonse chosabowoka. Kukula kwake kumasiyana. Mavoliyumu ang'ono a 16mm, monga a Alpha, amakhala ndi mazinga a M7 ndipo nati yake kawirikawiri ndi ya 10mm. A mazinga a M8 amakonda kufuna 11mm. Magitala ndi maampu a ku America okhala ndi mavoliyumu a CTS amayendera mainchi: nati yake ndi ya theka la inchi, amene ndi 12.7mm, chimodzimodzi nati ya jeki ya Switchcraft, polowetsera chingwe cha gitala paja. Choncho chitsulo chabwino pa ntchitoyi si champhamvu, koma chimene chikukwana nati ndendende, chikumeza shafuti yonse, komanso sichikukhula penti.

Pulayala ndiyo imene dzanja limathamangira, poti aliyense ali nayo. Pa zonse ndiyonso yoononga kwambiri. Mano ake amadya makona a nati, ndipo poti natiyo ndi yopyapyala, mlomo wa pulayala umayenera kugunda panelo kuti ugwire. Mukafinya pang'ono imatereleka n'kukala penti. Mukafinya kwambiri natiyo imapindika n'kuluma mazinga, ndiye kumasula kumavutirapo. Yamlomo wautali ija imaposa apo chifukwa nsonga zake zimapotoka. Ine ndimailola pa malo amodzi okha: pamene nati inathetheka kale makona, sipanala iliyonse ikungozungulira, ndipo natiyo mukukaitaya. Pali pulayala zina za milomo yosalala yotseka mofanana, monga za Knipex. Zimagwira bwino osadya makona, koma mtengo wake ndi wa munthu amene ntchitoyi ndi yake ya tsiku ndi tsiku, komanso sizilowa pamalo popanikizika.

Shifitingi ndi sipanala yotsegula kukamwa zili pakatikati. Zimagwira mbali ziwiri zokha za nati, ndipo zimagona chafufumimba pa panelo, kotero mukamapotokola thupi lake limasesa penti ndi zilembo. Shifitingi yotchipa imakhala ndi mlomo wogwedera, ndipo pa nati ya mamilimita 2 kugwedera pang'onoko n'kokwanira kuti idumphe. Pa ampu ya gitala kapena pa ampu ya Ahuja imene mabatani ake ndi otalikirana, sipanala ya 10 kapena 11 imagwira ntchito ngati mwabowola kakatoni kopyapyala n'kukaveka pansi pake. Pa mikisa imene mavoliyumu ali mothinana m'mizere, mulibe poyendetsa chogwirira. Mbali yozungulira ya sipanala ndi yabwinoko chifukwa imadutsa pa shafuti n'kugwira makona onse, koma nayonso imafuna malo, ndipo nati ikakhala m'kadzenje monga amapangira pa mapanelo ena apulasitiki, siifikira n'komwe.

Soketi ndi pamene zinthu zimayamba kuyenda. Imabwera kuchokera pamwamba, imagwira nati mbali zonse, ndipo sifuna malo m'mbali. Vuto la soketi yaifupi ndi lakuti mukaiveka pa chogwirira chake, shafuti imagunda m'kati soketiyo isanafike pa nati. Njira yake ndi kuichotsa pa chogwiriracho n'kuipotokola ndi zala. Bowo la makona anayi la soketi zing'onozing'ono za kotala inchi ndi 6.35mm, ndiye shafuti ya 6mm imatha kudutsamo pa masoketi ambiri. Soketi yaitali imathetsa vutoli kotheratu. Sipanala ya T ya 10mm imene amakaniko a njinga zamoto amagwiritsa ntchito nayonso imathandiza, bola muone kaye ngati ili yakuya m'kati, chifukwa zina n'zosazama, ndipo zambiri n'zonenepa khoma moti sizilowa m'kadzenje. Chimene sindilola ndi kumangitsa nati ya voliyumu ndi latcheti, chogwirira cha soketi chija. Chogwirira chachitalicho chimapereka mphamvu yoposa imene mazinga ang'onoang'ono aja angapirire, ndipo simumva m'dzanja pamene ayamba kuphwanyika.

Chimene ine ndimaika patsogolo ndi sipanala ya paipi, ija yooneka ngati kachidutswa ka paipi kokhala ndi makona asanu ndi limodzi mbali zonse ziwiri, 10 mbali ino, 11 mbali inayo. Ndi yobowoka kuyambira kumutu mpaka kumapeto, kotero shafuti italike bwanji imalowa. Khoma lake ndi lopyapyala, limalowa pakati pa mavoliyumu othinana komanso m'timaenje. Chitsulo chake nthawi zambiri n'chofewa, ndipo makaniko wa galimoto angachinyoze, koma pa nati ya voliyumu kufewako kulibe vuto. Muli ndi ya 8 ndi 9, ya 10 ndi 11, ya 12 ndi 13, mwakwanitsa mavoliyumu, maswitchi ang'onoang'ono ndi majeki ambiri. Mpikisano wake weniweni ndi chomasulira nati chokhala ndi chogwirira ngati cha sikuludilaiva. Chimenecho chimakoma m'dzanja ndipo chimafulumira mukakhala ndi manati ambirimbiri oti muchotse bodi isanatuluke. Koma zambiri zotchipa zimangobowoka pang'ono kumlomo, m'kati muli mogontha. Mukamapita kukagula, kaya m'mashopu a hadiweya m'tauni muno, kaya pa mabenchi a zitsulo mumsika, kaya ku Limbe, tengani voliyumu yakufa ndi nati yake m'thumba. Muiyese pomwepo wogulitsa akuona.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa soketi yogwira ndi soketi yotereleka, ndipo ambiri sachiyang'ana. Tengani soketi kapena sipanala ya paipi yatsopano muyang'ane kumlomo. Muona kuti m'kati mwake anasema mopendekeka kuti izilowa msanga pa bawuti. Pa bawuti ya injini zimenezo n'zabwino. Pa nati yathuyi, kupendekekako kumatha kudya pafupifupi theka la msinkhu wa nati, ndiye makona a soketi amangogwira kansonga ka pamwamba. N'chifukwa chake soketi ya saizi yolondola imathabe kudumpha n'kusiya nati itathetheka. Mankhwala ake ndi kupala mlomowo mpaka ukhale wathyathyathya. Yalani sandipepa pa galasi kapena pa thailosi yosalala, muimike soketi chilili, muzikhula mozungulira mpaka kupendekeka kuja kutatha. Amene ali ndi gilayinda achite pang'onopang'ono, akuviika m'madzi kuti chitsulo chisapse. Kenako musalaze m'mphepete ndi sandipepa yofewa, chifukwa mlomo wongopalidwa kumene umakhala wakuthwa ndipo ungadule penti kuposa pulayala. Pomaliza matani tepi yapepala kumlomoko n'kubowola pakati. Ngati mungasankhe, tengani soketi ya makona 6 osati ya makona 12, poti ya 6 imagwira pa mbali zosalala za nati, osati pa nsonga zokha.

Za zomasulira zapulasitiki, monga Rocket Sockets zimene opanga mapedo a gitala amazikonda, n'zoona kuti sizikala penti, ndipo pa makina atsopano n'zabwino zedi. Kuno zimalephera pa chifukwa chimodzi: dzimbiri. Chinyezi chotsika m'phiri la Zomba, makamaka nyengo ya dzinja, chimalowa m'matchalitchi ndi m'masitolo momwe makinawa amasungidwa, ndipo nati imene yakhala zaka osakhudzidwa imamatirira. Pulasitiki imangothetheka. Pa nati yotero dontheza kadontho kamodzi ka mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga penipeni, pogwiritsa ntchito nsonga ya kawaya, mudikire, kenako mubwere ndi chitsulo. Musapopere WD-40 pamenepo, chifukwa imatsetsereka ndi shafuti n'kulowa m'kati mwa voliyumu, n'kusungunula girizi amene amachititsa kuti batani lizizungulira mwaulemu.

Pa nati ya theka la inchi ija, 12mm siilowa ndipo 13mm imagwedera ndi 0.3mm. Ngati natiyo ili yofewa kumasula, 13 yopalidwa mlomo imatha. Ngati yalimba, funani soketi ya 1/2 yeniyeni. Amene mumakonza magitala a Fender ndi ena otengera mainchi, igulireni padera.

Chitsulo chikhale chabwino chotani, kumbukirani kuti kuseri kwa panelo kuli thupi la voliyumu. Mavoliyumu ambiri ali ndi kadzino kamene kamalowa m'kabowo ka panelo kuti asazungulire, koma amisiri ena amakathyola poika yatsopano. Kakapanda kukhalapo, nati yolimba imazungulitsa voliyumu yonse, mawaya amapotana n'kuduka, ndipo ngati miyendo yake inawotcheredwa pa bodi, mtovu umang'aluka kapena njira za mkuwa zimanyamuka. Tsegulani kaye chivindikiro mugwire thupilo ndi zala pamene mukumasula. Musanalowetse dzanja, zulani pulagi ku khoma ndipo muyeze makapasita akuluakulu ndi mita, chifukwa amasunga magetsi ampu itazimitsidwa kale.

Pobwezera, ikani washa poyamba, muyambitse nati ndi zala zokha mpaka itakhala pansi. Ikalimba isanafike pansi ndiye kuti yakwera mazinga molakwika, bwezani muyambirenso. Ikakhala bwino, sipanala ya paipi yogwiridwa ndi zala, popanda kamtengo kake kopingasa kopotokolera, imangofunika kuipotokola pang'ono mpaka voliyumu itasiya kugwedera mukaiyesa ndi batani.