Ulendo wapagalimoto m'gombe la Tanzania: yambani mwafunsa za boti

Abale, mukatiimbira foni ife amene tikukhala kuno ku Dar es Salaam, funso lanu limakhala lomwelomwelo: kodi sabata imodzi ikwana kuona Zanzibar, Bagamoyo ndi Kilwa munthu ali ndi galimoto? Mumakhala mwayang'ana mapu, mwawerengetsa makilomita, n'kuona kuti malo onsewa ali pafupipafupi. Mapuwo sakunama, koma sakuuzani kuti m'gombe muno galimoto imathera padoko. Chilumba chilichonse chili ndi boti lake, ndipo botilo limamvera mphepo ndi madzi. Choncho pokonza ulendo, lembani kaye masiku owoloka nyanja, za msewu zibwere pambuyo.

Sabata imodzi sikwana. Kuti muone kumwera, kumpoto ndi Zanzibar mosathamanga, konzani masiku 12 mpaka 14, ndipo awiri mwa masikuwo asakhale ndi chochita chilichonse. Masiku awiriwo ndi amene adzakupulumutseni boti likadzalephera kunyamuka.

Mwezi wobwera musankhe bwino. Mvula yaikulu, imene kuno amaitcha masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo si nthawi yoyenda msewu wa kumwera. Mu Meyi 2024, namondwe wotchedwa Hidaya atawomba, madzi anadula msewu wa Dar es Salaam kupita ku Lindi ndipo magalimoto anaima mbali zonse ziwiri. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kunja kumakhala kouma ndi kozizirira, misewu ili bwino, koma ndi nthawi ya mphepo ya kusi yochokera kumwera, imene imavundula nyanja makamaka masana. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumawomba kaskazi, kumatentha kwambiri, komanso malo ogona amadula chifukwa cha tchuthi. Ife tikamalangiza munthu timati Seputembala kapena Okutobala, kusi atayamba kufooka, mvula yaing'ono ya vuli isanalimbe.

Chinthu chachiwiri chimene chimasokoneza alendo ndi wotchi. Pa Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'bandakucha. Woyendetsa boti akanena kuti "saa moja asubuhi", akutanthauza 7 koloko m'mawa. "Saa sita mchana" ndi 12 koloko masana, "saa kumi jioni" ndi 4 koloko madzulo. Kusiyana kwake ndi maola 6. Mukapangana nthawi ndi munthu, muonetseni pa foni yanu nambala yake kuti nonse mugwirizane, chifukwa ena polankhula Chingelezi amangotembenuza mawu koma nambala n'kuisiya ya Chiswahili.

Tsopano za galimoto. Kuno timayendetsa kumanzere. Ngati mwabwera ndi yanu, sungani pamodzi chikalata cha umwini wa galimoto, chilolezo choilowetsera m'dziko kwa kanthawi chimene mumalandira pachipata, inshuwalansi yovomerezeka kuno monga kadi yachikasu ya COMESA, ndi laisensi yanu. Ngati galimotoyo ili m'dzina la munthu wina kapena la banki, mukhale ndi kalata yokulolani kutuluka nayo. Apolisi apamsewu amafunsa zikwangwani ziwiri za makona atatu zija, chozimitsira moto chimene tsiku lake silinathe, ndi kabokosi ka mankhwala. Majumbo apulasitiki analetsedwa kuyambira pa 1 Juni 2019, ndiye musalonge katundu wanu m'majumbo.

Liwiro ndi limene limadya ndalama za anthu ambiri. M'midzi ndi m'matauni malire ndi makilomita 50 pa ola, ndipo m'gombe muno midzi ndi yolumikizana, wina ukatha wina wayamba. Apolisi amaima ndi kamera imene madalaivala amaitcha tochi, nthawi zambiri pamene msewu ukutsetsereka kapena chikwangwani chomasula liwiro chisanafike. Chindapusa ndi mashilingi 30,000 pa mlandu umodzi, ndipo amakupatsani nambala yolipirira, control number, kuti mulipire pa foni kapena kubanki. Musapereke ndalama pamanja. N'chifukwa chake tsiku loyamba lenileni mugule simukadi ya kuno, muilembetse ndi pasipoti, muikemo ndalama. Nambala zolipirira zomwezi mudzakumana nazonso pa malo aboma ambiri. Powerengera nthawi, tengani kuti pa ola limodzi muziyenda makilomita 50 kapena 55 basi.

Yambani ndi kumwera, chifukwa ndiko kovuta ndipo kumafuna mukadali ndi mphamvu. Kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kilwa Masoko ndi makilomita opitirira pang'ono 300, maola 6 kapena 7 mukawerengera zopumira. Nyamukani 5 koloko m'mawa. Mukachedwa, mudzathera ola lathunthu kapena awiri pa Mbagala pokha, dera la kumwera kwa mzindawu, pakati pa maminibasi amene kuno amawatcha madaladala ndi njinga zamoto. Msewu umadutsa Mkuranga, Kibiti, Ikwiriri, kenako mlatho wa Mkapa pa mtsinje wa Rufiji, umene unatsegulidwa mu 2003 ndipo ndi wotalika pafupifupi kilomita imodzi. Phula lilipo, koma malole olemera analifinya m'malo ambiri, moti muli maenje akuthwa m'mphepete amene amang'amba tayala m'mbali. Tayala long'ambika m'mbali silimatika. Tengani matayala apadera awiri ngati malo alipo, jeke yabwino, thabwa loikapo jekeyo pa mchenga, ndi pampu yolumikiza ku batire. Mafuta thirani pa Kibiti kapena Ikwiriri ngakhale thanki ili pakati. Usiku musayende msewu umenewu, chifukwa malole owonongeka amangosiyidwa pamsewu ndi nthambi za mitengo ngati chizindikiro.

Pa Nangurukuru mumakhotera kumanzere, makilomita pafupifupi 30 mwafika ku Kilwa Masoko. Galimoto muisiye pamalo pamene mukugona. Chilumba cha Kilwa Kisiwani chimaoneka kutsidya, ndipo boti la injini limawoloka m'mphindi zochepa, koma musatsikire kudoko musanatenge chilolezo ku ofesi yoyang'anira malowa komweko ku Masoko, ndiponso munthu wokuperekezani. Mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi a pa chilumba china cha Songo Mnara analowa m'kaundula wa malo a mbiri wa bungwe la UNESCO mu 1981. Kale mzinda wa Kilwa Kisiwani unkalamulira malonda a golide wochokera ku Sofala, ku Mozambique, unkasula ndalama zakezake, ndipo Ibn Battuta, munthu wa ku Morocco wotchuka ndi maulendo ake, anafikako mu 1331. Mukalowa mu mzikiti waukulu, kwezani maso muone denga: timizere ta madenga obulungira ngati miphika yovundikira, omangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, atakhala pa nsanamira zimene zaima zaka mazanamazana. Ku Husuni Kubwa, nyumba ya mfumu imene ili pamwamba pa phompho, kuli dziwe losambiramo la makona 8 loyang'ana kunyanja. Kuyenda pakati pa malowa ndi wapansi, padzuwa, ndiye pitani m'mawa ndi madzi akumwa malita awiri munthu aliyense.

Apa ndi pamene muyenera kumvetsa za kudzaza ndi kuphwa kwa madzi, chifukwa nyanja yamchere sikhala malo amodzi. Imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukangooneka kumene kapena ukakhala wathunthu, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita 4. Pamene boti linakutsitsani m'mawa pakhoza kukhala matope okhaokha masana. Ku Songo Mnara, kumene kuli kutali ndithu kuposa Kisiwani, mumatsika n'kuyenda m'madzi pakati pa mitengo ya mikoko, ndipo mizu yake yosongoka imaboola phazi. Valani nsapato zomanga zimene sizivuka m'matope. Woyendetsa boti akati tibwerere tsopano, musakambirane naye.

Amene ali ndi masiku ambiri angapitirire ku Lindi, Mikindani ndi Mtwara, koma ndi tsiku lina lathunthu popita ndi lina pobwera.

Chilumba cha Mafia chimafuna kuganiza mofatsa. Sitima yake imanyamukira pa Nyamisati, m'mathiriro a Rufiji, ndipo mumapatuka pa msewu waukulu musanafike pa Kibiti ngati mukuchokera ku Dar es Salaam. Ulendo wa panyanja kukafika ku Kilindoni ndi maola 4 kapena kuposa, ndipo nthawi yonyamuka imatsatira madzi chifukwa doko lili mumtsinje. Kwa banja lokhala ndi ana aang'ono, ife timati siyani galimoto ku Dar es Salaam mukwere ndege yaing'ono, ndi mphindi pafupifupi 30. Chokopa chachikulu ndi nsomba zikuluzikulu zosaluma anthu zimene kuno amazitcha papa potwe, ndipo zimapezeka kwambiri kuyambira Okutobala mpaka cha mu Febuluwale. Mbali ya Utende ndi Chole ili m'dera lotetezedwa kuyambira 1995, ndipo mumalipira tsiku lililonse limene mwagona m'deralo, ngakhale musanalowe m'madzi. Ndalama imeneyo iwerengereni padera.

Ku Zanzibar musavutike kuwolotsa galimoto. Sitima zothamanga, zimene zimatenga maola pafupifupi awiri, zimanyamula anthu okha. Zonyamula magalimoto zilipo koma zimachedwa, ndipo mapepala ake ndi ndalama zake zimaposa kubwereka galimoto komweko kwa masiku atatu. Yanuyo isiyeni pamalo a mpanda ndi mlonda. Tikiti gulani pa intaneti kapena mu ofesi yeniyeni ya kampani ya sitima, yokhala ndi zenera ndi lisiti, chifukwa kunja kwa doko kumakhala anyamata ambiri onena kuti ofesi yatsekedwa kapena malo atha. Fikani ola limodzi nthawi isanakwane. Ngakhale Zanzibar ili m'dziko lomweli, pasipoti imaonedwa potsika, ndipo kadi ya katemera wa yellow fever ikhale pafupi. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 mlendo wochokera kunja ayenera kugula inshuwalansi ya boma la Zanzibar, imene inayamba pa madola 44 a ku America, ndipo inshuwalansi ina imene muli nayo kale silowa m'malo mwake. Gulani pa intaneti musanakwere.

M'nyengo ya kusi sankhani sitima ya m'mawa, makamaka pobwerera, chifukwa masana sitima imalimbana ndi mafunde ndipo anthu ambiri amasanza. Imwani mankhwala oletsa chizungulire theka la ola musanakwere, mukhale chakumbuyo. Tikupemphaninso ndi mtima wonse, musakwere chombo chimene mukuona kuti chadzaza mopitirira. Anthu a kuno sanaiwale sitima ya Spice Islander imene inamira mu Seputembala 2011 pakati pa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndi chilumba cha Pemba, ndi ya Skagit mu Julayi 2012.

Kuti muyendetse galimoto pa chilumbachi pamafunika chilolezo cha Zanzibar kuwonjezera pa laisensi yanu. Obwereketsa galimoto amakukonzerani mukawatumizira chithunzi cha laisensi tsiku limodzi kapena awiri musanafike, ndipo pa zotchinga za apolisi, zimene ndi zambiri, chimenecho ndicho choyamba kufunsidwa. Musanasaine, jambulani galimoto mbali zonse, yang'anani tayala lapadera ndi jeke, ndipo thirani mafuta nthawi yomweyo chifukwa zambiri zimaperekedwa thanki ili pansi. Mu Stone Town, mzinda wakale wa Zanzibar, simuyenda galimoto, tinjira take n'topapatiza moti anthu awiri amapatukirana, choncho gonani kumeneko masiku awiri oyamba muli wapansi, galimoto mubwereke tsiku lotuluka. Kupita ku Nungwi kumpoto ndi ola limodzi ndi theka, ndipo kumeneko munthu amasambira nthawi iliyonse. Ku Paje ndi Jambiani kum'mawa madzi akaphwa amathawa kutali kwambiri, n'kusiya minda ya ndere za m'nyanja imene amayi amalima pa zingwe zomangirira ku tizikhomo. Musaponde m'mizere yawo, ndi chuma chawo. Podutsa nkhalango ya Jozani chepetsani liwiro, anyani ofiira amawoloka msewu. M'midzi ndi m'tauni valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo m'mwezi wa Ramadani musadye kapena kumwa poyera masana.

Kumpoto n'kosavuta. Bagamoyo ili pa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Dar es Salaam ndipo tsiku limodzi likwana kuona mabwinja a Kaole ndi mishoni ya Akatolika ya mu 1868, kumene mtembo wa David Livingstone unagonekedwa mu 1874 atafika nawo Susi, Chuma ndi anzawo. Popita ku Tanga dzerani ku Msata kukalowa msewu waukulu, kenako mutsikire ku Pangani, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Tanga. Njira yodutsa m'nkhalango ya Saadani imaoneka yaifupi pa mapu, koma mumalipira polowa ndipo mvula ikagwa dothi lake lakuda limagwira ngakhale galimoto yokoka matayala onse anayi.

Tinjira tambiri totsikira ku malo ogona a m'gombe ndi ta mchenga. Mukaona kuti ndi wakuya, phwetsani matayala kufika pa 1.5 bar, yendani pa giya yachiwiri osaima, ndipo galimoto ikatitimira musaponde mafuta, mumangodzikumbira dzenje. Fukulani kutsogolo kwa matayala, ikanipo masamba a kokonati kapena mphasa za pansi pa mapazi, mubwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Mukafika pa phula popani matayala musanathamange, chifukwa tayala lophwa limatentha n'kuphulika. Pagombe penipeni musaimike galimoto kunsi kwa mzere wa zinyalala zimene madzi anasiya, pakuti pamenepo ndi pamene nyanja idzafikenso pakatha maola ochepa. Mchere umadya chitsulo mwakachetechete, ndiye mukangobwerera ku Dar es Salaam pitani kotsukira magalimoto akaipopere madzi abwino kunsi konse, m'mabuleki ndi m'makona a matayala, ndipo mitu ya batire muipukute n'kuipaka girisi.

Malungo aliko m'gombe lonse chaka chonse. Tengani neti yanu, chifukwa za m'nyumba zogona alendo zotsika mtengo zimakhala zobooka, ndipo aliyense akatentha thupi ali pa ulendo kapena patatha masabata angapo mutabwerera, akayezetse magazi tsiku lomwelo.