Preprint, magazini, eLife kapena Cochrane: tikhulupirire chidindo chiti?

Nkhani ya kafukufuku watsopano ikagwa pa gulu la WhatsApp la anamwino, madokotala kapena ophunzira zachipatala, funso lofulumira kubwera ndi lakuti, "Yatuluka kuti?" Wina akati mu The Lancet, magazini yotchuka ya kafukufuku wa zachipatala, onse amangoti zii ngati mlandu watha. Akati ndi preprint, ena amaitaya osatsegula n'komwe. Komatu funso limeneli lameza mafunso awiri osiyana. Loyamba, zimene apezazo n'zofunika bwanji? Lachiwiri, umboni wake ndi wolimba bwanji? Ofufuza atha kunena chinthu chachikulu atatsamira pa umboni wofooka, ndipo atha kunena kanthu kakang'ono ndi umboni wosagwedezeka. Malo anayi amene ambirife timawerengako amayankha mafunso awiriwa mosiyana.

Tiyambe ndi preprint. Ili ndi lipoti limene eni kafukufuku aliika pa intaneti akatswiri anzawo asanaliunike. Malo odziwika ndi bioRxiv, imene inayamba mu 2013 ku Cold Spring Harbor Laboratory ku America, ndi medRxiv ya zachipatala, ya mu 2019. Kuika n'kwaulere, kuwerenganso n'kwaulere. Oyang'anira amangoona kuti ndi sayansidi, kuti si zokopera kwa wina, ndiponso kuti mulibe choika anthu pangozi. Pakangotha masiku ochepa lipoti latuluka. Pa mafunso athu awiri aja sayankhapo ngakhale limodzi.

Liwiro limeneli linapulumutsapo anthu. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otchipa, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala Covid-19 amene anali pa makina opumira. Lipoti linaikidwa pa medRxiv mwezi womwewo, ndipo pamene New England Journal of Medicine inkalisindikiza mu Julayi n'kuti zipatala zitayamba kale kupereka mankhwalawo. Koma khomo lomwelo ndi limene linalowetsa lipoti la ku Egypt lonena kuti ivermectin amachepetsa imfa za Covid-19 ndi pafupifupi 90 peresenti. Linakhala pa Research Square, malo ena oikapo ma preprint, kuyambira kumapeto kwa 2020 mpaka Julayi 2021, pamene linachotsedwa anthu ataona kuti mizere ya odwala ena inali yongobwerezedwa, ndipo ena anamwalira kafukufukuyo asanayambe. Pofika nthawi imeneyo manambala ake anali atalowa kale m'malipoti a anthu ena. Powayang'ana pamwamba, malipoti awiriwa sankasiyana. Onse anali ma preprint.

Ndiye tinene kuti magazini otchuka ndiwo pothawira? Pang'ono chabe. M'magazini achizolowezi mkonzi amatumiza pepala kwa akatswiri awiri kapena atatu, iwo n'kulemba ndemanga, kenaka mkonzi n'kugamula kulandira kapena kukana. Nthawi zambiri owerengafe ndemangazo sitiziona, timangoona dzina la magazini. Ndipo dzina lalikulu limanena zambiri za funso loyamba kuposa lachiwiri, chifukwa magazini otere amasankha zimene akuona kuti zipanga phokoso. Ounikawo amagwira ntchitoyi mwaulere, pa nthawi yawo yopuma, ndipo kawirikawiri manambala enieni a wodwala mmodzimmodzi sawaona.

Umu ndi mmene The Lancet inasindikizira, pa 22 Meyi 2020, pepala lonena kuti mankhwala a hydroxychloroquine amawonjezera imfa pakati pa odwala Covid-19, lochokera pa odwala oposa 96,000 m'zipatala 671 zimene kampani ya Surgisphere inkati ili ndi zolemba zake. Bungwe la WHO linaimitsa kaye mbali ina ya kafukufuku wake chifukwa cha pepalalo. Amene anagwira bodza sanali ounika a magazini, anali owerenga. Anadabwa kuti imfa za ku Australia zikuposa zimene boma la kumeneko linalengeza, ndiponso kuti zipatala za mu Africa zapereka bwanji zolemba za pa kompyuta zatsatanetsatane chotere. Aliyense amene analembapo m'kaundula wa ku wodi akanadabwa chimodzimodzi. Pepalalo linachotsedwa pa 4 Juni. Limeneli linachoka msanga, poti lina la mu 1998 lonamizira katemera wa chikuku linakhala m'magazini yomweyo mpaka 2010.

Sindikunena kuti tiwataye magazini. Kafukufuku wa katemera wa taifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, wa ana oposa 28,000, anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021, ndipo anaonetsa kuti katemerayu amachepetsa kudwala taifodi ndi pafupifupi 80 peresenti. Koma chimene chimandikhutiritsa pamenepo ndi kachitidwe kake. Ana anagawidwa mwamaere, ena analandira katemera wina woti ayerekezerepo, makolo ndi ofufuza omwe sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti, ndipo taifodi ankaitsimikiza poyeza magazi. Ntchito yotere ikanatuluka mu Malawi Medical Journal mphamvu yake ikanakhala yomweyo.

eLife ndi imene inayesa kulekanitsa mafunso awiri aja poyera, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa anzathu ambiri saiwerenga bwino. Magaziniyi inayamba mu 2012 ndi thandizo la Howard Hughes Medical Institute, Max Planck Society ndi Wellcome Trust. Kuyambira Januwale 2023 inasiya zolandira kapena kukana pepala likaunikidwa. Akonzi amasankhabe mapepala oti apite kwa ounika, ndipo ambiri amabwezedwa pomwepo. Koma pepala likangopita kwa ounika limatuluka basi, pamodzi ndi ndemanga zawo, mayankho a eni ake, ndi kandime kakafupi pamwamba kokhala ndi mawu awiri akuda kwambiri. Zili ngati fodya ku okushoni ku Kanengo: mabelo onse ali pansi pa denga limodzi, koma wogula amayang'ana giredi.

Liwu loyamba ndi la kufunika, ndipo makwerero ake kuchokera pamwamba ndi landmark, fundamental, important, valuable, useful. Lachiwiri ndi la umboni: exceptional, compelling, convincing, solid, incomplete, inadequate. Apa ndi pamene anthu amapunthwa. Mawu onse a kufunika amamveka otamanda, ngakhale useful, limene lili pansi penipeni. Ndiye mukaona "important" musathamange, tsikani ndi chala mupeze liwu lachiwiri. Pepala la important koma incomplete likutanthauza kuti funsolo ndi lalikulu koma eni ake sanamalize kutsimikizira zimene akunena. La useful koma convincing ndi laling'ono, koma mutha kumangapo. Kwa wophunzira wa Master's amene akufuna njira yoti atsatire mu labu, lachiwirili ndi laphindu kuposa loyamba lija.

Zovuta zake zilipo. Pepala limene ounika ati umboni wake ndi inadequate, wina akamalitchula m'zolemba zake limangooneka kuti "eLife, 2024", giredi ija yatsala m'mbuyo. Atolankhani nawo amaidumpha. Komanso mawuwa ndi maganizo a anthu atatu kapena anayi, si sikelo. Ndipo kwa wolemba pali mtengo wina: kumapeto kwa 2024 kampani ya Clarivate, eni Web of Science (kaundula wamkulu wa magazini a sayansi), inagamula kuti kachitidwe aka sikagwirizana ndi malamulo ake, moti eLife inataya impact factor, nambala yosonyeza kuti mapepala a magazini amatchulidwa kangati ndi ofufuza ena. Mphunzitsi wa ku yunivesite amene akusaka kukwezedwa ayambe wafunsa kuti komiti ya kwawo imawerenga chiyani. Malipiro anayambira pa madola 2,000, ngakhale osowa atha kupempha kuti asalipire. Dziwaninso kuti eLife yadzaza ndi za majini, maselo, ubongo ndi tizilombo. Namwino wofuna kudziwa mankhwala oti apereke mawa sapezamo zambiri.

Iyeyu malo ake ndi Cochrane. Bungweli, la mu 1993, silichita kafukufuku watsopano. Limasonkhanitsa kafukufuku yense amene anachitika pa funso limodzi, kuunika aliyense ngati anachitidwa mosakondera, n'kuphatikiza manambala, kenaka n'kunena kuti chitsimikizo chake ndi chachikulu, chapakati, chochepa kapena chochepa kwambiri. Za maneti onyikidwa m'mankhwala, lipoti lawo la mu 2018 linati amachepetsa imfa za ana ndi 17 peresenti poyerekeza ndi kugona popanda neti, ndi chitsimikizo chachikulu. Za ivermectin, mu 2021, linati umboni ndi wochepa kwambiri woti munthu n'kunenapo kanthu. Pa funso la umboni palibe wofanana nalo mwa anayiwa. Vuto lake ndi kuchedwa. Lipoti limodzi limatenga chaka kapena kuposa, ena amakalamba osakonzedwanso, ndipo ambiri amathera pa mawu otopetsa akuti pakufunika kafukufuku wina. Za mu labu salowamo.

Tsono tiyese zonsezi pa mkangano umene ndimaumva kawirikawiri, wa akatemera awiri a malungo. Anthu amati R21 amateteza 75 peresenti pamene RTS,S, amene anayambira kuno ku Malawi mu Epulo 2019, ndi 36 peresenti yokha, ndiye wachiwiriyu ndi wachabe. Manambala onse awiri ndi oona, ndipo onse anatuluka mu The Lancet, wina mu 2015 wina mu 2024. Dzina la magazini silitithandiza apa. WHO inavomereza R21 mu Okutobala 2023, lipoti lake lalikulu lisanatuluke m'magazini, ndiye chidindo cha magazini sichinali chodikira. Chothandiza ndi kutsegula gawo la njira. 75 uja ndi wa miyezi 12 yokha, m'madera a Burkina Faso ndi Mali kumene malungo amabwera ndi nyengo ndipo ana anabayidwa nyengoyo itatsala pang'ono kuyamba. M'madera amene katemera ankaperekedwa mosatsata nyengo anali 68. Pamene 36 uja ndi wa zaka pafupifupi zinayi, mwa ana a m'maiko asanu ndi awiri kuphatikizapo a ku Lilongwe, mphamvu ya katemera itayamba kale kutsika. M'chaka choyamba RTS,S naye anachepetsa malungo kupitirira theka. Kuwonjezera apo, RTS,S ali ndi umboni umene unachokera m'zipatala wamba za ku Malawi, Ghana ndi Kenya, kumene imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 peresenti. N'chifukwa chake WHO povomereza R21 inati palibe umboni woti wina akuposa mnzake, poti awiriwa anali asanayesedwe pamodzi, pa ana a dera limodzi, m'nyengo imodzi. Pamene R21 akupambana mosakayikitsa ndi pa mtengo ndi kuchuluka kwake, chifukwa Serum Institute of India imatha kupanga wambiri motchipa.