Chitetezo Mbaula: ndaphikirapo mokwanira, nazi zomwe ndaona

Anthu ambiri akhala akundifunsa ngati mbaula yadothi ija amati Chitetezo ilidi yothandiza kapena ndi zija za mabungwe zongojambulitsa basi, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Yankho langa ndi loti inde gulani, koma mudziwiretu kuti mukugula chani chifukwa ena amaigula ndi maganizo olakwika kenako nkumainyoza.

Kwa amene simunaionepo, ndi mbaula youmba ndi dongo nkuiwotcha ngati mmene amachitira ndi miphika, ili ndi kakhomo kamodzi kolowetsera nkhuni, pamwamba pali timitu titatu pokhazika poto ndipo mmbali muli zogwirira zoti mutha kuinyamula. Amaumba kwambiri ndi magulu a amayi mmidzi, cha ku Balaka, Mulanje, Dedza ndi madera ena. Inatchuka kwambiri kuyambira 2013 pomwe boma la mayi Joyce Banda linalengeza zoti pofika 2020 mmakomo mukhale mutafika mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni. Ine yanga ndinagula kwa mayi wina pamsika, mtengo wake sunafike ndi pa thumba la makala lomwe, olo theka.

Nkhani yaikulu ndi nkhuni. Pa mafuwa moto umangomwazika mbali zonse, mphepo ikabwera ndiye basi malawi onse akuthawira kumbali poto ali phee osawira, iwe nkumangosonkhezera. Mu Chitetezo moto umakhala mkati ndipo ulibe kolowera kwina koma kukagunda pansi pa poto, komanso dongo lija likatentha limasunga kutenthako nthawi yaitali. Tinkhuni titatu tating'ono ngati dzanja la mwana tikukwana kuphika nsima ya banja lonse, ndipo ndikaphula nsima ndimakhazikapo madzi osamba ana pa makala otsala aja osawonjezera kanthu, amafunda bwinobwino. Mtolo umene kale unkatha sabata isanathe pano ukumadutsa ndithu. Ndipo sikuti mpaka nkhuni zenizeni ayi, zitsononkho, mapesi ouma, mitengo ya nandolo mukakolola, tinthambi tomwe mwasadza pa mtengo wa pakhomo, zonsezi zimayaka bwino kwambiri mmenemu pomwe pa mafuwa zimangoti phuu kamodzi zatha. Amene muli ndi kamunda ka nandolo ndiye mwachita mwayi, ndiwo pomwepo nkhuni pomwepo.

Pa nyemba ndi pomwe ndinaikondera zenizeni. Nyemba ndi zimene zimamaliza makala mnyumba muno, aliyense akudziwa. Pano ndimaziviika usiku, mmawa ndayatsa mbaula, zikangowira ndimachepetsa nkusiya kankhuni kamodzi kazinyeka pang'onopang'ono, ndavundikira bwino, ine nkumachapa. Kungoti uzikumbukira kukankhira kankhuniko mkati chifukwa kakanyekera pakhomo moto umazima iwe osadziwa.

Tsono zovuta zake nazonso ndinene. Choyamba iyi si mbaula ya makala, ndibwerezenso, si ya makala. Mnzanga wina anathiramo makala nkumadandaula kuti sikuyaka bwino, eee inapangidwira nkhuni, makala amakhala pansi kutali ndi poto ndipo mpweya suwapeza bwino. Ndiye ngati mukukhala pa lendi mkati mwa Ndirande kapena ku Area 25 komwe nkhuni nzogula ndiponso malo ophikira ndi kakhonde kogawana ndi aneba, ganizani kaye kawiri. Utsi ulipo, wachepa kusiyana ndi pa mafuwa makamaka nkhuni zikakhala zouma, koma ulipo ndithu ndipo mapoto amada ndi mwaye ngati kale lomwe. Musamaphikire mnyumba motseka zitseko ati poti ndi mbaula yamakono, utsi wa nkhuni ndi umene umapatsa ana chifuwa ndi chibayo, amayi maso kumangotuluka misozi. Ine ndimaphikira pakhonde kapena mkhitchini ya panja yomwe ili ndi zenera, mvula ikamagwa ndimangoinyamula nkusuntha, koma dikirani izizire kaye kapena gwirani ndi chiguduli chifukwa zogwirira zija nazo zimatentha.

Chachiwiri imafuna nkhuni zowaza tizidutswa, chikuni chachikulu chija timasiya pa mafuwa tsiku lonse sichilowa pakakhomo. Ndiye pali kantchito kowaza, ndipo nthawi ya dzinja uyenera kusungiratu zouma apo ayi uvutika kukoleza. Agogo anga anaikana pa chifukwa china, akuti mwezi wa June sungaothe moto bwino poti moto wabisika mkati. Ndi zoona zimenezo, sindingawatsutse. Komatu kubisika komweko ndi kumene kwandipatsa mtendere pa ana, mwana wokwawa sangagwere pamoto ngati zimachitikira pa mafuwa, dzina loti Chitetezo silabodza. Kunja kwake kumatentha inde, ndiye kuyang'anira kusasiye.

Ndi yadothi, ikagwa yasweka, palibe zokawotcherera. Musathire madzi pozimitsa moto ikadali yotentha, imang'aluka, ingosololani nkhuni muzimitsire panja. Musaisiyenso pamvula. Yanga ili ndi kamng'alu kakang'ono pamwamba pa khomo koma ikugwirabe ntchito bwinobwino, ndinangoimanga ndi waya kuzungulira. Pogula iwombeni pang'ono ndi chala, yopsa bwino imalira kuti ngwee, ikamveka kuti phu phu ndiye kuti sinapse isiyeni. Onaninso kuti timitu titatu tija ndi tofanana msinkhu, apo ayi povundula nsima poto azigwedera, ndipo ngati nkotheka tengani poto wanu mukayesere konko. Poto wamkulu wa pa ukwati kapena pamaliro ndiye ayi sangakhalepo, imeneyo ndi ntchito ya mafuwa.

Ena amati bwanji osangogula gasi kapena hotipuleti. Amene angakwanitse agule ndithu, gasi alibe utsi ndipo ndi wachangu. Koma silinda ndi kudzazitsa kwake si ndalama ya aliyense, magetsi nawo tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi ndipo ngakhale a mayadi anabwerera ku makala. Ndipo zimandiwawa chifukwa ndi chinthu chimodzi chomwechi chikuzungulira, tikudula mitengo ku Neno ndi ku Mwanza kuti tiotche makala, mvula ikagwa dothi lonse likukokolokera mu Shire nkukadzaza mmadamu opangira magetsi, magetsi akuvuta, ife nkugulanso makala ambiri. Phiri la Ndirande amene analiona kale lili ndi mitengo akamafotokoza umachita kumva chisoni. Ku Dzalanyama komwe kumachokera madzi a mu Lilongwe mpaka anachita kutumizako asilikali kukalondera nkhalango. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 koma njinga za makala zikulowabe mtauni mbandakucha uliwonse, ndipo sindingamunene wokwera njingayo, naye akusaka ya ufa, ogula ndife.

Ndiye kwa ine amene muli kumudzi, kapena mmbali mwa tauni ngati ku Lunzu, Chileka, Mitundu uko komwe tinthambi ndi zitsononkho mutha kuzipeza, gulani osachedwa ndipo ngati ndalama ilipo tengani ziwiri, ina ya nsima ina ya ndiwo, chifukwa ndi imodzi umadikira ndiwo zipse kaye ndipo madzulo ana amayamba kusinza. Ine yachiwiri ndikukatenga kumapeto a mwezi uno kwa mayi yemwe uja.