Svelte 5 patatha miyezi isanu ndi inayi

Miyezi isanu ndi inayi yapitayo ndinalemba kuti ndasiya React ndipo ndayamba kugwiritsa ntchito Svelte 5 pomanga pulogalamu ya pa intaneti yolembera katundu ndi ngongole za kagulu kena ka alimi. Ena munapempha kuti ndidzabwerenso ntchito ikadzakula, chifukwa chida chatsopano chimakoma sabata yoyamba. Lero ndabwera, ndipo ndidakali nayo.

Svelte, monga React, ndi chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti. Anaiyambitsa Rich Harris mu 2016, ndipo mtundu wachisanu unatuluka mu Okutobala 2024. Imasiyana ndi React, imene Facebook inatulutsa mu 2013, chifukwa ntchito yambiri imathera pa kompyuta yanga pomwe ndikumanga, ndiye foni ya munthu imalandira JavaScript yochepa (malamulo amene amayendetsa tsamba pa foniyo). Zimenezi ndinkangoziwerenga, koma ndinazikhulupirira tsiku limene mlembi wa gululo, bambo wachikulire, anatsegula tsamba pa foni yake yakale ya Android, netiweki ili kamzere kamodzi. Anaimirira pakhomo pa nkhokwe, analemba matumba a soya amene analowa, nadina, zinatheka. Sanandiimbire kuti zakana.

Chimene chinandithandiza kwambiri apa ndi SvelteKit, chida chomangira pulogalamu yathunthu pogwiritsa ntchito Svelte, imene inafika pa mtundu 1.0 mu Disembala 2022. Mafomu ake amatumiza zolembedwa ngakhale JavaScript isanamalize kutsika. Ukaonjezera lamulo la use:enhance pa fomu, tsamba silichita kuyambiranso lonse ukadina. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, imeneyi si nkhani yaing'ono, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chimene sindikubwerera.

Ma rune, mawu apadera a Svelte 5 oyamba ndi chizindikiro cha $, anandipatsa ntchito. $state (yosunga zinthu zosinthasintha) ndi $props (yolandira zinthu zochokera ku gawo lina la tsamba) ndinazizolowera masiku ochepa, ndipo ndimazikonda kuposa export let yakale, chifukwa ukangoyang'ana umadziwa chimene chizisintha. Pa $effect, imene imagwiranso ntchito nthawi iliyonse chinthu chimene imawerenga chikasintha, ndi pamene ndinapunthwa, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ndinkawerengetsera ngongole yonse mkati mwake, kuwerenga nambala n'kuisinthanso pomwepo, mpaka tsamba linaima n'kundilembera effect_update_depth_exceeded. Ndinakhalira usiku wonse. M'mawa mwake ndinaona kuti chofunika chinali $derived, yowerengetsera chinthu kuchokera ku zina, mzere umodzi wokha. Panopa ndikaona dzanja likupita ku $effect ndimayamba ndadzifunsa ngati chinthucho sichingochokera ku nambala zina zimene ndili nazo kale.

Zovuta zina zidakalipo. Mayankho ambiri a pa intaneti analembedwa nthawi ya Svelte 3 ndi 4, ndiye umapeza on:click pomwe lero timalemba onclick, kapena slot pomwe pano pali snippet. Kalembedwe kakale kamagwirabe, koma mnyamata amene ndikumuphunzitsa anasokonezeka nako kwa milungu ingapo, mpaka ndinamuuza kuti aziwerenga svelte.dev yokha. Zida zomangidwa kale n'zochepanso poyerekeza ndi za React. Tebulo losanja ngongole ndinalemba ndekha, masiku atatu.

Kwa amene mukufuna ntchito yolembedwa, musataye React, chifukwa zotsatsa ntchito zimene ndimaona zimatchula iyoyo kawirikawiri. Koma ngati pulogalamu ndi yanu, ndipo anthu anu ali ndi mafoni otsika mtengo, yesani Svelte pa ntchito yeniyeni, osati pa chitsanzo. Mwezi wamawa gululo liyamba kulandira chimanga, ndipo tsamba lake ndayamba kale kulimanga ndi chida chomwechi.