Loko ya U kapena tcheni: kukiya njinga ya polo pabwalo

Pa mpikisano wa polo ya panjinga, masewera omenya mpira ndi ndodo uli panjinga, njinga zimakhala kunja kwa bwalo maola ambiri eni ake akudikira gemu. Ambiri amasankha pakati pa loko ya U (loko yachitsulo yooneka ngati chilembo cha U) ndi tcheni chachitsulo cholimba.

Kulemera: loko ya U ya chitsulo chonenepa mamilimita 13 mpaka 16 imalowa m'chikwama. Tcheni cha chitsulo chonenepa mamilimita 10, chotalika mita imodzi, chimapitirira makilogalamu awiri.

Kulimba: zonse ziwiri galayinda (makina odulira zitsulo) imadula. Loko ya U ikasiya mpata waukulu, wakuba amalowetsapo jeke n'kuikanula, choncho gulani yaing'ono yothina. Tcheni chisagone pansi, chifukwa pamenepo n'posavuta kuchimenya ndi hamala.

Vuto lenileni ndi zotchingira masipoko, zimbale zomwe osewera polo amaika pamawilo. Zimatseka poti mupise loko, ndiye ya U imangogwira felemu, wilo n'kutsala poyera. Boolani kabowo pachotchingiracho pafupi ndi limu kuti loko idutsepo. Tcheni chimapindika, ndipo chachitali chimamanga njinga zitatu za timu yonse pamtengo umodzi wachitsulo.

Wobwera yekha atapalasa atenge loko ya U. Timu yobwera pagalimoto igule tcheni. Ndodo ndi chipewa choteteza mutu muzikhala nazo pafupi, loko singaziteteze.